Anyezi wa Elube

Atha maluwa ako, Elube,
aja achikasu, otsegula kukamwa ngati lipenga.
Dzina lawo lenileni limandikola lilime,
ine ndimangoti anyezi wa Elube,
poti unabwera naye kuchokera ku Dedza
m'chitini cha mkaka, mitu isanu ndi iwiri,
anthu a kuno ku Chamama akukuseka:
kuno n'kotentha mayi, mukutaya madzi.

Masabata atatu anawala pambali pa khonde.
Iwe unaonako masiku anayi okha
ambulasi isanakutenge.
Lero akhwinyata, alendewera,
abulauni ngati fodya wa pansi
amene ngakhale vendala amamukana.

Dzulo ndinanola chikwakwa.
Ndinati ndiyeretse pabwalo,
ukadzatuluka usadzapeze manyazi pakhomo.
Ndiye foni inalira, nambala yachilendo,
ya mayi wa bedi loyandikana nalo lako,
mawu ako ali kutali ngati m'chitsime:
a Kadzamira, musayerekeze.

Sunafunse za mbuzi.
Sunafunse ngati ndikudya.

Unati: tsinani mutu wokha,
pamene patupa kuseri kwa duwa lofotalo,
poti pamenepo akufuna kubereka mbewu
ndipo mbewu imadya mayi wake.
Izo ndinazimva msanga.
Zaka makumi atatu ndathena fodya pa esiteti,
zala zanga zakuda ndi utomoni wake,
ndikudziwa kuti duwa ndi wakuba.

Koma masamba, unatero, asiyeni.
Musawadule, musawaluke ngati tsitsi la mwana,
musawamange mfundo kuti aoneke bwino.
Agone mmene afunira.
Apa mpamene ndinasokonezeka,
chifukwa kwathu tsamba likayamba chikasu
timathyola, kusoka, kupachika m'chigafa,
tsamba ndi feteleza wa chaka chamawa, ndi fizi, ndi malata.
Iwe ukuti ndilione likufa
manja ali m'thumba.

Likufa koma likutumiza, unatero.
Kenako mayunitsi a eni ake anatha.

Choncho m'mawa uno, ndisanapite ku nazale,
ndatsina mitu khumi ndi umodzi ndi chikhadabo,
ina yofewa, ina yophwanyika ngati chikwa.
Ndathira madzi theka la kheni,
aja ndinasungira mbande za abwana,
asamve.
Ndawaza phulusa pang'ono.
Za phulusazi sunanene, ndangoganiza ndekha.

Mdzukulu wako Tiyamike anafuna kukumba umodzi
kuti tikazingire mazira.
Ndamuuza kuti anyezi uyu sadyedwa,
ngakhale mbuzi ya a Chimwaza, yodya sopo ija,
imangonunkhiza n'kudutsa.

Anthu odutsa pamsewu akuyang'ana.
Ndikudziwa zimene akunena:
nyumba ikasowa mkazi imaonekera pabwalo.
Anene.
Masambawo agwa chagada, ena chafufumimba,
nsonga zayamba kupsa,
ndipo ine ndakhala pa mpando wako wa ndalema
kulondera chinthu chimene sindikuchiona,
mmene ndinakhalira Lachiwiri lija m'wodi ya amayi
iwe uli m'tulo, botolo likudontha,
adokotala akuti musiyeni, kugonako ndi ntchito.

Akuti masabata asanu ndi limodzi, masambawa.
Za iwe sananene chiwerengero.

Akadzauma okha, odzuka ndi kukoka kwa zala ziwiri,
ndidzakumba ndi mpeni, osati khasu,
ndidzakutumula dothi, ndiwerenge.
Mwina isanu ndi iwiri ija yaswana.
Ndidzaika mumphika wa mchenga kunsi kwa bedi,
mbali yako, kumene kumazizira,
dzuwa la Okutobala lipse lokha panja.

Chikwakwa ndachibweza kudenga.
Loweruka ndikwera kabaza mpaka pa Boma,
ndikubweretsera chitenje chobiriwira chija ndi malalanje.
Ukadzafunsa za pabwalo
ndidzakuuza zoona:
pali uve, Elube.
Sindinakhudze kanthu.